Birimankhwe ndi Mkamwini Wagalasi

Padangokhala. Vomerani kuti tili tonse, ndi inu omwe mwayamba kusinzanu.

Panali mudzi wa nyama umene unali ndi sukulu yopanda mphunzitsi. Mphunzitsi womaliza anali Namzeze. Anabwera ndi mvula yoyamba, mvula itatha anauluka, osabweranso. Chinatsala ndi komiti ya sukulu, ndipo tcheya wake anali Nyani.

M'mudzimo munali Birimankhwe, mayi wachitsikana, ndi mwana wake mmodzi wamkazi dzina lake Sungeni. Birimankhwe sukulu anangoilawa. Ndi kayendedwe kake kaja, ankafika anzake akuweruka. Kenako kunabwera mimba, bambo wa mwanayo anati akukafuna ntchito kutauni, ndipo nkhani ya sukulu inathera pomwepo. Koma maso ake sankapuma. Lina linkayang'ana mwana, lina linkayang'ana zochitika m'mudzi.

Tsiku lina kunatera Kakowa, mlangizi wa maphunziro, atavala zoyera zake. Ananyamula chinthu chathyathyathya cha nkhope yagalasi, ndi kambale kakuda kolumikizidwa ndi chingwe.

"Iyi ndi tabuleti," anatero Kakowa. "Muli mphunzitsi m'menemu. Amalankhula, amaonetsa zithunzi, satopa, ndipo mvula ikatha sathawa. Ine ndidzabweranso mango akapsa. Ndikadzapeza mwana, ngakhale mmodzi, wodziwa kuwerenga, mphunzitsiyu ndi wanu mpaka kalekale. Ndikadzapanda kumupeza, ndidzamunyamula kupita naye kumudzi wina."

Anakhudza galasilo ndipo linawala. Munatuluka mwezi dzuwa likuswa mtengo. Mwezi utapita munadutsa nsomba zazikulu ngati nkhokwe, zikusambira mosapanga phokoso. Nsomba zitapita munabwera tizilembo takuda, tikuyenda pamzere ngati nyerere. Ana onse anaiwala kuphethira. Sungeni anagwira mchira wa amake osadziwa kuti waugwira.

Nyani anakhosomola. "Nanga a mlangizi, mlendo wathuyu amadya chiyani?"

"Musavutike naye. Amangodya dzuwa basi. Kambale ka solaka muzikaika panja."

Kakowa atauluka, Nyani anaseka mpaka mano onse kuonekera.

"Mwaumva ulemu wa anthu akuboma? Mlendo aliyense amatero: musavutike, takhuta kale. Ndiye ife tikamuyanike padzuwa ngati mphale? Atiseke dziko lonse? Nankhoma! Yala mphasa yatsopano ija."

Nankhoma anali mkazi wa Nyani. Anayala mphasa m'nyumba, anakhazika mlendo pakona pozizira bwino, namufunditsa chitenje. Kambale ka sola anakatsuka nakaika pamodzi ndi mbale za alendo. Ana atadzadza pakhomo kuti asuzumire, Nyani anatenga kamtengo.

"Chokani apa! Munaona kuti ana akukhala pomwe pali alendo? Amakulerani ndani?"

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akuluakulu a komiti ankabwera kudzapereka moni. Nyani ankavundukula chitenje, galasi n'kuwala.

"Nenani pambuyo panga," ankatero mlendo. "A. E. I."

"Zikomo kwambiri, bwana," ankayankha Nyani akuwomba m'manja. "Ifenso tadzuka bwino."

Tsiku lina pagalasi panaoneka nthochi. "Ichi n'chiyani?" anafunsa mlendo.

"Nankhoma! Wamva? Mlendo akufuna nthochi!"

Nthochi zinabwera mkoko wathunthu. Mlendo sanadye.

"Ndi wamanyazi," anatero Nyani, ndipo masana anazidya yekha kuti zisawonongeke. Koma zinkabwera zambiri kuposa mimba yake. Zotsala zinayamba kuda, ndipo ntchentche zinamanga mudzi m'nyumbamo.

Kunyumba kwa Birimankhwe, Sungeni anasiya kusewera. Ankangokhala pakhomo, maso ali kutali.

"Amama, nsomba zija zikadali m'galasi muja?"

"Zilimo."

"Sizikutopa kusambira zokha?"

"Idya, mwanawe."

"Nanga tinyerere takuda tija timanena chiyani? Inu munapitako kusukulu."

Diso lina la Birimankhwe linatembenukira kumtengo wa mango. Maluwa anali atayoyoka kale, timango tating'ono tikulendewera.

M'mawa mwake anafika pakhomo pa Nyani.

"Odi, a Tcheya."

"Ndiwe make Sungeni? Ukufuna chiyani?"

"Ndamva kuti ntchentche zikutera pankhope pa mlendo wathu. Manyazi ake ndi a mudzi wonse. Ine lilime langa likungokhala, lilibe ntchito."

Nyani anakanda m'khwapa. "Lowa. Koma usamuyang'ane kumaso."

"Maso angawa ndi osamva, a Tcheya, koma ndiwalangiza."

Anagwira ntchentche mpaka dzuwa kufika pamutu. Nyani atakhuta nthochi anatsamira khoma n'kuyamba kuliza mkonono. Pamenepo Birimankhwe anakoka chitenje pang'onopang'ono, nakwera pagalasi.

Inu mukudziwa kuti Birimankhwe amatenga maonekedwe a chimene wakhalapo. Kuwala kunalowa m'khungu mwake ngati madzi ofunda. Anayera mbee, ndipo m'nthiti mwake munayamba kumera tizilembo takuda, kamodzikamodzi, mpaka mzere unakwana. Anatsika mosamala ngati munthu wosenza ndowa yodzadza, natuluka.

Panjira anayamba kuyimba. Inali nyimbo yapansipansi, ngati yogonekera mwana. Inkapempha masamba kuti apatuke, inkapempha mphepo kuti idikire kaye, ndipo kothera kwake inkauza Sungeni kuti asachoke pakhomo, chifukwa amake akubwera ndi katundu wosagwirika ndi manja. Njiwa zinkavomera kothera kokhako.

Koma chifukwa cha changu anadzera njira yachidule ya m'tchire. Tsamba lina linamukhudza pamsana, lina m'nthiti.

"Sungeni! Tayang'ana m'nthiti mwangamu. Ukuona chiyani?"

"Mwabiriwira, amama."

"Basi?"

"Basi. Ngati tsamba la nyemba."

Tsiku lachiwiri anagwiranso ntchentche, Nyani anagonanso, iye anakweranso pagalasi. Ulendo uno anadzera njira yaikulu yopanda masamba, akuyimba nyimbo yake ija, njiwa zikuvomera. Anangotsala pang'ono kufika pamene Khwangwala anatera patsogolo pake.

"Ee, taonani kuno anthuni! Make Sungeni wadzilemba thupi lonse! Sukulu inakukanika uli mtsikana, lero wayamba kuivala?"

Birimankhwe anayesa kupitiriza nyimbo, koma mawu ake anamuthawa, ndipo anamubwezera Khwangwala.

"Inu bwanji? Kolala yoyera ngati abusa, koma chakudya chanu n'cha kudzala!"

Khwangwala anauluka akutukwana. Birimankhwe anasangalala kuti wamuyankha bwino, mpaka anafika pakhomo.

"Tayang'ana msanga. Ukuona chiyani?"

"Mwada bii, amama. Mwakwiya ndi ndani?"

Mkwiyo unali utameza zilembo zonse.

Tsiku lachitatu anatenganso mzere wa zilembo. Anadzera njira yaikulu. Khwangwala anabwera ndi anzake, anaseka, anatchula za bambo wa Sungeni, anatchula ndi zina zosayenera kuzibwereza pamaso pa ana. Birimankhwe anangokweza nyimbo. Anapempha masamba, anapempha mphepo, anawonjezera kupempha mtima wake kuti ukhale pansi, ndipo njiwa zinavomera mokweza mpaka mawu a akhwangwala anamira. Anayenda ngati ali m'maloto, osamva dzuwa, osamva njala.

"Sungeni."

Mwana anaimirira. Anamuzungulira amake mbali iyi, anamuzungulira mbali inayo. Anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pafumbi zimene ankaona, lilime lili panja.

"N'zokongola, amama."

"Eya."

"Zikuti chiyani?"

Birimankhwe anayang'ana nthiti zake ndi diso lina, anayang'ana mwana ndi diso lina.

"Sindikudziwa, mwanawe."

"Nanga mawu ake mwawasiya kuti?"

Pamenepo Birimankhwe anazindikira kuti zilembo angathe kuzisenza, koma mawu ozifotokoza sangawasenze. Pankafunika mwiniwakeyo abwere.

Koma mwiniwakeyo anali atayamba kufooka. Mawu ake anayamba kuchepa, kenako anasiyiratu kulankhula. Mwezi sunkabweranso, nsomba sizinkabweranso. Akamuvundukula, nkhope inkangoti phethiphethi, n'kuonetsa mzere umodzi wa zilembo ndi kachizindikiro kofiira pambali, womwewomwewo tsiku ndi tsiku. Nyani anawonjezera nthochi. Anawonjezera chitenje china. Sizinathandize. Ndipo mango anali atakula ngati nkhonya.

Birimankhwe anapita kwa mchimwene wake Gulo, amene ankakhala tsiku lonse pamwala akuwothera dzuwa.

"Achimwene, dzukani. Ndikukwatiwa."

Gulo anatsegula diso. "Wopenga wake ndani ameneyo?"

"Mlendo wa kwa a Tcheya."

"Mlongo wanga, dzuwa lakupweteka? Ameneuja alibe ndi miyendo yomwe."

"Wamiyendo uja anapita nayo kuti?"

Gulo anaganiza. "Apo wanena."

"Inu mukhala nkhoswe yanga. Musalankhule zambiri. Muzingogwedeza mutu."

"Zimenezo ndiye ndimatha," anatero Gulo, nagwedeza mutu.

M'mawa mwake Birimankhwe analawirira kukagwira ntchentche. Nyani atatuluka kukalandira a komiti, iye anakwera pagalasi n'kutenga mzere uja ndi kachizindikiro kake kofiira. Anatuluka nagwada pakati pa bwalo, mutu uli pansi, Gulo ali pambali pake.

"A Tcheya, ndili ndi mawu, koma manyazi andigwira pakhosi."

"Lankhula."

"Mlendo wanu wandifunsira."

Akuluakulu anayang'anana. Nyani anagwetsa nthochi imene inali m'manja.

"Wakufunsira bwanji poti sakulankhula?"

"N'chifukwa chake sakulankhula. Sakudya, sakuseka, nkhope yagwa. Inu matenda amenewa simunadwalepo muli mnyamata?"

"Awa?" anatero Nankhoma ali pakhonde. "Awa amangodwala njala."

"Khala chete, Nankhoma! Iwe make Sungeni, umboni uli kuti?"

Birimankhwe anatembenuka pang'onopang'ono n'kuonetsa nthiti zake. "Pakamwa pamukanika, ndiye wandilembera pathupi. Ine sukulu sindinapite nayo patali. Werengani nokha, a Tcheya. Inu ndi eni ake a sukulu."

Nyani sankadziwa kuwerenga, ndipo m'komiti monse munalibe wodziwa. Koma tcheya wa sukulu anganene zimenezo pagulu? Anawerama. Anatsinzina diso limodzi. Anayendetsa chala m'munsi mwa zilembo, milomo ikugwedera.

"Hmm. Ee. Zikuoneka choncho ndithu."

"Mwapaona pomwe akuti mtima wake ukuyaka?" Birimankhwe analoza kachizindikiro kofiira.

"Ndapaona. Pafiira ndithu."

"Nanga pomwe akuti alibe mbale kuno, ndiye nkhoswe yake mukhale inuyo, chifukwa sanaonepo munthu wanzeru ngati inu?"

Nyani anawongoka, chifuwa chili patsogolo. "Pamenepo ndi pomwe ndinayambira kuwerenga."

Gulo anagwedeza mutu.

Chinkhoswe sichinachedwe. Nyani analankhula nthawi yaitali za ulemu wa m'banja, kuti mkazi azimvera, mwamuna asamayende usiku. Mkwati anangokhala duu pamphasa. Amayi ena ankati Birimankhwe wapenga, ena ankati wachita mwayi, mwamuna wosamwa mowa sapezeka wamba. Malangizo atatha, Birimankhwe anagwadanso.

"Zikomo ankhoswe. Tsopano ndimutenge bambo wa kunyumba tizipita."

"Muzipita kuti?" anafunsa Nyani. "Ameneyu ndi mlendo wanga."

"Anali mlendo dzulo," anatero Gulo, ndipo aka kanali koyamba kutsegula pakamwa. "Lero ndi mkamwini. Kwathu kuno mwamuna amatsata mkazi. Kapena mwambo unasintha ine ndili mtulo?"

Akuluakulu anavomera kuti mwambo sunasinthe. Nyani asanapeze choyankha, Nankhoma anali atamusenza kale mkamwini pamutu.

"Ndimuperekeza ndekha. Ndi kambale kake komwe aka, ndisadzakhale ndi mlandu."

Atafika, Birimankhwe sanamulowetse m'nyumba. Anamutsamiritsa pamtondo pabwalo, kambale ka sola n'kukagoneka poyang'ana kumwamba.

"Padzuwa?" anadabwa Nankhoma.

"Mkamwini sabisala m'nyumba dzuwa lili kunja. Anabwera kudzagwira ntchito."

Nankhoma anaseka n'kubwerera kwawo.

Koma mkamwini sanadzuke. Nkhope inali bii. Sungeni anakhala patsogolo pake, manja ali m'masaya. Mthunzi unafupika, unayambanso kutalika. Mantha anamugwira Birimankhwe: kodi wakwatiwa ndi maliro? Anayamba kuyimba nyimbo yake ija motsitsa. Masamba sanawapemphe, mphepo sanaipemphe. Anapempha dzuwa kuti lisafulumire, ndipo kothera kwake kunali komwe kuja, kouza Sungeni kuti asachoke pakhomo. Njiwa zinavomera.

Galasi linati phethi. Linatinso phethi. Kenako linayera.

"Moni, ana," anatero mkamwini.

"Amama! Ababa adzuka!"

Mawu amenewo anamveka mudzi wonse. Ana anabwera akuthamanga: a Gologolo, a Nungu, a Fuko otsinzina maso, ndi ana a Nyani omwe. Nyani anawatsata ndi kamtengo kake.

"Chokani! Ana sakhala pomwe pali..."

"Pali alendo, a Tcheya?" anafunsa Birimankhwe. "Pano palibe mlendo. Mkamwini ndi wa mbumba yonse. Ana amamukwera pamsana, amamutuma, amamufunsa mafunso mpaka atatopa. Inu a Nankhoma atakutengani, ana a kwawo ankakuopani?"

Nyani anakumbukira zimene ana a kwa Nankhoma ankamuchita, ndipo anabwerera kwawo.

Masiku otsatirawo anayenda ngati tulo tabwino ta masana. Mkamwini ankatchula chilembo, ana n'kutchula. Ankaonetsa nsomba, n'kuonetsa dzina la nsomba, n'kuligawa zidutswa, ana n'kulilumikizanso. Mwana akalakwa sankamukalipira, ankangoti ayesenso. Ana a Fuko anayamba kulemba m'makoma a mauna awo. Ana a Nungu ankathothola minga yawo n'kumalembera pafumbi. Sungeni ankalota zilembo zikumera m'munda ngati mawungu, ndipo akadzuka ankawauza amake kuti wakolola ziwiri.

Birimankhwe yekha sankakhala nawo. Mayi wapabanja angakhale pansi pakati pa ana, akuluakulu akudutsa? Iye ntchito yake inali kukankha kambale ka sola kuti katsate dzuwa, kuphika, ndi kumvera kutali zidutswa za mawu zimene mphepo inkamubweretsera.

Mango anapsa. Uthenga unafika kuti Kakowa ali m'njira. Nyani anabwera kudzaona mkamwini, ndipo anagwira pakamwa. Nkhope yonse inali zala za ana, madzi a mango, fumbi.

"Mayo! A mlangizi adzati chiyani? Adzati tamusandutsa kapolo! Ndikumutenga. Akapume kwanga, timupukute, aoneke ngati munthu."

"A Tcheya, musamulowetse m'nyumba. Afookanso."

"Ine ndi nkhoswe yake. Ukutsutsana ndi nkhoswe?"

Birimankhwe anayang'ana kwa Gulo, koma Gulo anangogwedeza mutu monga anamuuzira. Msampha wake womwe unamukola. Mkamwini anabwerera pamphasa, pansi pa zitenje, ndipo Kakowa anachedwa masiku angapo.

Tsiku lofika Kakowa, mudzi wonse unasonkhana. Nyani anatulutsa mkamwini atamukuta bwinobwino.

"Mwana wowerenga ali kuti?" anafunsa Kakowa.

Ana anachita manyazi ndi zovala zoyerazo, aliyense anabisala kumbuyo kwa amake. Sungeni yekha anatuluka.

Nyani anavundukula chitenje. Galasi linati phethiphethi. Panalibe nsomba, panalibe mawu. Panali mzere umodzi wa zilembo ndi kachizindikiro kofiira.

Nyani analumpha ndi chimwemwe. "Awa! Mawu omwe aja! A mlangizi, mwafika tsiku labwino. Mphunzitsi wanu tinamukwatitsa kuno, ndipo awa ndi mawu amene anafunsira nawo mbeta. Ndinawawerenga ndine. Akuwabwereza kuti nanunso mumve."

Kakowa anapendeketsa mutu, nayang'ana galasi. Anayang'ana Nyani. Anayang'ana Birimankhwe nthawi yaitali. Kenako anati, "Werenga, mwana."

Sungeni anayandikira. Milomo yake inagwedera osatulutsa mawu. Atafika kumapeto kwa mzere anabwerera koyamba. Kenako anapita kwa amake n'kuwanong'oneza.

"Amama, sizikutero."

"Ndikudziwa."

"Ndinene zimene munanena inu zija?"

Birimankhwe anaona njira zonse ziwiri, diso lililonse ndi yake. Mwana akanena bodza la amake, Kakowa adziwa kuti mwanayo sawerenga, ndipo anyamula mphunzitsi. Akanena zoona, mudzi wonse udziwa kuti make Sungeni ananamiza komiti ndi ankhoswe. Mitundu inathamanga pathupi pake, wobiriwira, wachikasu, wotuwa, osakhazikika.

"Nena zimene zilipo."

"Akusekani, amama."

"Anandiseka kale. Pita ukawerenge. Mokweza."

Sungeni anabwerera. Anaika chala pansi pa chilembo choyamba.

"Ba-ti-re la-tsa-la pa-ng'o-no. I-ka-ni pa-dzu-wa."



Woyamba kuseka anali Nankhoma. Anaseka mpaka kukhala pansi. "Chikondi chake n'chimenechi? Munthu akulira njala m'nyumba mwathu, inu mukuti mtima ukuyaka! Nanga poti nkhoswe yanzeru pali pati, a Tcheya? Tatilozereni!"

Mudzi wonse unagwa nacho chiseko. Ena ankaseka Nyani, ambiri ankaloza Birimankhwe. Khwangwala ankauluka mozungulira akukuwa kuti mkazi wa batire, mkazi wa batire.

Kakowa anadikira phokoso lithe. "Mwana wawerenga, ndipo wawerenga zoona. Mphunzitsi akhala."

"Nanga za ukwatiwu?" anafunsa Nyani.

"Za maukwati si za ofesi yanga."

"Ndiye ine ndikuti ukwati watha! Abwerere kwanga, akhalenso mlendo!"

"Nyumba yake iti?" anatero Nankhoma akupukuta misozi. "Yanga ija ayi. Ndatopa ndi ntchentche."

"Akhala panja, pomwe pali dzuwa ndi ana," anatero Kakowa. Anatenga yekha kambale ka sola n'kukagoneka pabwalo.

Nyani anaona kuti zonse zamupulumuka. Panatsala chimodzi chokha chimene tcheya akanatha kuchita. Analoza Birimankhwe.

"Iwe make Sungeni. Wanamiza komiti. Wanamiza ankhoswe. Waseweretsa mwambo ngati masanje. Ulemu wa akuluakulu wautaya wekha. Kuyambira lero, pamsonkhano, paukwati, paliponse pomwe mudzi wakhala pansi, malo ako si pakati pa amayi. Uzikhala pakati pa ana."

Amayi anagwira pakamwa, chifukwa chilango chimenecho n'cholemera. Ndipo chinamulemeradi. Birimankhwe anatuwa ngati phulusa. Anadutsa pamaso pa anzake amene ankasinja nawo, palibe anamuyang'ana. Anayenda, anayenda, mpaka anafika pomwe ana anali atakhala kale mozungulira galasi, nakhala kumbuyo kwenikweni, mutu uli pansi.

Dzuwa linagwira ntchito yake. Galasi linayera. Mphunzitsi anapereka moni n'kuyamba phunziro, ngati kuti palibe chachitika.

Patapita kanthawi, diso limodzi la Birimankhwe linadzuka lokha. Linzake linatsatira. Pagalasi panali chilembo chokhala ndi mimba kutsogolo, ndi chinzake chofanana nacho chokhala ndi mimba kumbuyo.

"Sungeni," ananong'ona. "Ziwirizo n'zapachibale? Chikusiyanitsa n'chiyani?"

"Amama, muno sitinong'ona. Ukafuna kufunsa umakweza dzanja."

Birimankhwe anayang'ana uku ndi uku. Amayi anali asanabalalike. Khwangwala anali pamtengo. Nyani anali chiimire ndi kamtengo kake.

Anachotsa dzanja pansi. Linakwera pang'ono, linaima, linabwerera m'mbuyo. Kenako linakwera ndithu.

N'chifukwa chake mpaka lero, mukakumana ndi Birimankhwe panjira atakweza dzanja m'mwamba, akulisiya lilendewere osaliponda pansi, musamufulumize ndipo musamuponye mwala. Ali ndi funso.

Nthano yanga yafika pomwe inkapita. Amene anasiya mbatata pamoto akaphule, isanapserere.